Mafunso ndi mayankho: kutsekera chaka cha sukulu kwa ana a Giredi R mpaka Giredi 3 kuno ku Joni

Novembala akangolowa foni yanga siipuma. Amayi a kumpingo, abambo amene timakwera nawo tekisi ya ku Rosettenville, ngakhale anthu amene sindinawaonepo koma nambala yanga anaipeza kwa alamu awo, onse amayamba chimodzimodzi: "Aphunzitsi, pepani ndakusokonezani." Kwathu ndinaphunzitsapo Sitandade 1 ndi 2, ndipo kuno ndili ndi kalasi ya Giredi 2 pa sukulu ina kummwera kwa Johannesburg. Mafunso ake amakhala omwewo chaka ndi chaka, choncho ndawasonkhanitsa pano. Ndikunena za sukulu za boma m'chigawo cha Gauteng. Ngati mwana wanu ali pa sukulu ya pulayiveti, zambiri n'zofanana, koma pa za ndalama muwerengenso pepala limene munasainira pomulembetsa.

Kodi sukulu zimatsekera liti? Agogo ake kumudzi akuti chaka changoyamba kumene.

Agogo sakunama, kungoti akunena za kwawo. Ku Malawi chaka cha sukulu chimayamba mu Sepitembala n'kutha mu Julaye, materemu atatu. Kuno chimayamba pakati pa Januwale n'kutha kumayambiriro a Disembala, materemu anayi. Kalendala ya boma inaika 11 Disembala kukhala tsiku lotsekera la 2024, ndipo la 2025 inaika 10 Disembala. Tsiku lenileni limasintha pang'ono chaka chilichonse, ndiye onani kalata imene sukulu imatumiza. Ikasowa, pisani pansi pa chikwama cha mwana. Mudzaipeza itakwinyika pamodzi ndi makoko a nthochi.

Mwana wanga akuti salemba mayeso a kumapeto a chaka. Akundipusitsa?

Ayi. Kuyambira Giredi R (kalasi yokonzekera Giredi 1) mpaka Giredi 3 kulibe mayeso aakulu otsekera chaka. Malikisi onse amachokera ku ntchito zimene mphunzitsi amamuyesa nazo m'kalasi teremu iliyonse: kuwerenga mokweza, kulemba ziganizo, kuwerengera, kuyankha pakamwa. Nthawi zambiri mwana sadziwa n'komwe kuti akuyesedwa. Amangoona kuti aphunzitsi amuitana patebulo n'kumupatsa kabuku. Ku Giredi 1 mpaka 3 maphunziro ake ndi anayi: chilankhulo choyamba, chilankhulo chachiwiri, masamu ndi Life Skills (maluso a moyo wa tsiku ndi tsiku). Ku Giredi R ndi atatu, kulibe chilankhulo chachiwiri.

Lipoti labwera, koma sindikuona kuti wakhala nambala chani.

Simuziona, chifukwa kulibe. Ili ndiye funso limene limandipweteka mutu kuposa onse, ndipo ndimalimvetsa, poti nanenso ndinakula ndi tsiku lotsekera la kwathu: sukulu yonse pansi pa mtengo, ife titanyamula chimanga chokazinga ndi mtedza m'mapepala a shuga, ahedi akuitana mayina kuyambira nambala wani, amayi akuimba nthungululu, nambala lasiti akuzemba kudzera kuseri kwa zimbudzi. Pofika kunyumba funso linali limodzi lokha: "Wakhala nambala chani?"

Kuno mwana sapikisana ndi anzake pa lipoti. Phunziro lililonse limapatsidwa nambala yoyambira 1 mpaka 7, ndipo yapamwamba ndi 7, osati 1. Pa malikisi 100, nambala 7 ndi 80 kupita m'mwamba, 6 ndi 70 mpaka 79, 5 ndi 60 mpaka 69, 4 ndi 50 mpaka 59, 3 ndi 40 mpaka 49, 2 ndi 30 mpaka 39, ndipo 1 ndi kuyambira 29 kutsika pansi.

Chaka china bambo wina wa kwathu konkuno anabwera kudzandithokoza, nkhope ili mwee, mwana atavala nsapato zatsopano za ku PEP. Anati, "Aphunzitsi, mwagwira ntchito. Ma 1 ndi ma 2 okhaokha!" Ndinasowa poyambira. Ndinawapempha kuti mwana akasewere panja kaye, ndinatembenuza lipoti lija n'kuwaonetsa kabokosi kofotokoza manambala kamene kanali kuseri. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa motsitsa mawu kuti, "Ndiye malipoti atatu onse aja ndinkawerenga chozondoka?" Vuto la mwanayo tikanalipeza mu Epulo.

Mukamaliza manambala, werengani mawu amene mphunzitsi walemba pansi, ndi chiwerengero cha masiku amene mwana anajomba. Mawuwo timawalemba mwaulemu kwambiri, mwina mopitirira. Mukaona akuti mwana akufunika kuthandizidwa kuwerenga kunyumba, musazitenge ngati moni.

Nanga afunika kupeza chiyani kuti apite kalasi yotsatira?

Ku Giredi 1, 2 ndi 3 muyeso wake ndi uwu: 4 pa chilankhulo choyamba, 3 pa chilankhulo chachiwiri, ndi 3 pa masamu. Pa lipoti chilankhulo choyambacho amalemba kuti Home Language, koma dzinalo lisakunamizeni. Si Chichewa. Chichewa sichili m'gulu la zilankhulo 12 zovomerezeka za dziko lino. Kwa ana athu ambiri a m'tauni "chilankhulo cha kunyumba" chimakhala Chingerezi, ndipo ku Soweto, Alexandra kapena Diepsloot chingakhale isiZulu, Sesotho kapena Sepedi malinga ndi sukulu. Choncho mwana amene kunyumba amamva Chichewa kapena Chiyao akuyesedwa ngati mwini chilankhulo china. Ambiri amakwanitsa, ndipo ine ndimawachitira ulemu anawa.

Aphunzitsi akuti mwana abwereze kalasi. Ndivomere?

Choyamba, nkhani imeneyi siyenera kukupezani modzidzimutsa mu Disembala. Mwana akamavutika, sukulu imayenera kukuitanani chaka chili m'kati, kukuonetsani makope ake, ndi kulemba thandizo limene yamupatsa. Sukulu iliyonse imayenera kukhala ndi kagulu ka aphunzitsi koona ana ovutika, kamene amakatcha SBST. Funsani kuti kagulu kameneka kanachitapo chiyani. Koma nafenso makolo tisadziyeretse. Makalata oitanira ku misonkhano ambiri aife sitiwayankha, poti abwana salola kuchoka pa ntchito, ndipo mphunzitsi amatha chaka osationa.

Chachiwiri, mwana amaloledwa kubwereza kamodzi kokha pakati pa Giredi 1 ndi Giredi 3. Akabwereza Giredi 1, sangabwerezenso Giredi 2 kapena 3, amangomukankhira kutsogolo ngakhale zinthu zisanayende. Ndiye mpata umodziwo ndi wofunika kuuganizira bwino.

Maganizo anga ndi awa. Musanakangane ndi aliyense, muyeseni nokha. Tengani tsamba limene sanaliwerengepo, muloze mawu apakati, osati oyamba. Ana ndi akatswiri oloweza: amatha "kuwerenga" kabuku konse maso ali kudenga. Mwana amene akumaliza Giredi 1 koma sangalumikize malembo atatu kuti apange liwu, ndipo ndi wamng'ono pa anzake, kubwereza kungamuthandize. Koma kubwereza pakokha si mankhwala. Mupite naye ku kiliniki akamuone maso ndi makutu. Ndinakhalapo ndi kamtsikana kamene tonse tinkati n'kamanyazi, pomwe khutu limodzi silinkamva bwino.

Chimene sindivomereza ndi kukakamira kuti mwana apite patsogolo pofuna kupewa manyazi pa gulu la WhatsApp la kumpingo. Kafukufuku wa PIRLS wa 2021 anapeza kuti ana 81 mwa 100 aliwonse a Giredi 4 m'dziko muno sankatha kuwerenga n'kumva tanthauzo la zimene awerenga, m'chilankhulo chilichonse. Ana amenewo anadutsa m'makalasi athu omwewa, akukwera chaka ndi chaka.

Ngati mwaona kuti sukulu yalakwitsa, muli ndi ufulu wodandaula. Lembani kalata kwa mphunzitsi wamkulu msanga, osadikira kuti teremu ipite patali, sungani kope yake, ndipo mukapanda kukhutira nkhaniyo ipite ku ofesi ya maphunziro ya dera lanu.

Ndili ndi ngongole ya fizi. Akuti lipoti salipereka mpaka ndimalize.

Zimenezo n'zosaloledwa. Sukulu ya boma ilibe mphamvu yokaniza lipoti kapena kalata ya transifa chifukwa cha ngongole, ndiponso siingathamangitse mwana m'kalasi pa chifukwa chimenechi. Ngongoleyo ndi yanu, ndipo sukulu ikhoza kukulondolani nayo mwalamulo, koma mwana asalowetsedwemo. Pitani ku ofesi, lankhulani mofatsa, pemphani lipoti, ndipo ngati n'kotheka gwirizanani zomalipira pang'onopang'ono.

Muli komweko, pemphani fomu yopempha kuchotseredwa fizi ya chaka chamawa. Lamulo limati ngati fizi ya chaka ikufika pa 10 peresenti kapena kuposa ya ndalama zimene makolo onse awiri amapeza pa chaka, simuyenera kulipira. Ikachepera pamenepo mukhoza kuchotseredwa gawo lina. Mwachitsanzo, ngati nonse awiri mumapeza R8,000 pa mwezi, pa chaka ndi R96,000, ndiye fizi ya R10,000 yadutsa kale muyeso. Fomuyi imalembedwa chaka chilichonse, ya chaka chatha siigwiranso ntchito. Ambiri aife timaopa ofesi chifukwa cha nkhani za mapepala, n'kumangokhala ndi ngongole imene sitinayenera kukhala nayo. Palinso sukulu zosalipiritsa n'komwe, makamaka m'makomboni.

Matikiti a basi yakumudzi amakwera mtengo mu Disembala. Ndingamutenge mwana kumapeto kwa Novembala?

Ndikudziwa mmene mitengo imakhalira, nanenso ndimakwera basi zomwezo, n'kugona pa mzere ku Beitbridge, kudutsa Nyamapanda ndi Tete mpaka kukaona Mwanza. Koma musanyamuke mwakachetechete. Ntchito zoyesera za teremu yachinayi zimachitika mu Novembala, ndipo mwana akachoka asanazimalize, mphunzitsi amasowa cholemba. Funsani mphunzitsi wake tsiku limene amaliza kuyesa, lembani kalata yodziwitsa sukulu, ndipo tchulani munthu amene adzakutengereni lipoti.

Choopsa kwambiri si kupita msanga, koma kubwera mochedwa. Chaka chilichonse pamakhala ana amene amatulukira mu Febuluwale, ndalama yobwerera itavuta kumudzi. Sukulu za ku Gauteng n'zodzaza, mzere wa odikira malo ndi wautali, ndipo mwana akasowa masiku ambiri motsatizana popanda mawu alionse akhoza kuchotsedwa m'kaundula. Gulani tikiti yobwerera musanadye ndalama ya Khirisimasi. Zikavuta muli kumudzi, tumizani uthenga ku sukulu tsiku lotsegulira lisanafike. Pa ulendowo musaiwale pasipoti ya mwana ndi chiphaso chake chobadwira, ndipo ngati akuyenda ndi kholo limodzi kapena ndi azakhali ake, pakhale kalata ya chilolezo ya kholo lotsala.

Mwana wanga ali mu Giredi R pa sukulu yomweyo. Malo a Giredi 1 ali nawo kale, eti?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa. Ku Gauteng malo a Giredi 1 ndi Giredi 8 amafunsiridwa pa intaneti, pa tsamba la dipatimenti ya maphunziro, ndipo kalembera amatsegulidwa pakati pa chaka. Mwana wa Giredi R nayenso amayenera kulembetsedwa, ngakhale kalasi ya Giredi 1 ili khomo loyandikana. Mumasankha sukulu mpaka zisanu, mayankho amabwera pa SMS chakumapeto kwa chaka, ndipo mumapatsidwa masiku ochepa oti muvomere malowo. Choncho musasinthe nambala ya foni pakati pa nyengoyi. Ngati munaphonya, kalembera wa ochedwa amatsegulidwanso, kawirikawiri mu Disembala, koma pamenepo mumangolandira sukulu imene yatsala ndi malo, ngakhale ikhale kutali.

Pa za msinkhu, mwana amalowa Giredi 1 ngati akukwanitsa zaka 6 pofika pa 30 Juni chaka chimenecho. Ndipo kuchokera pamene Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasainira lamulo la za maphunziro lotchedwa BELA mu Sepitembala 2024, Giredi R ndi yokakamiza, sikulinso kufuna kwa kholo.

Nanga ngati mwana alibe mapepala?

Mulembetseni basi. Mu Disembala 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda linagamula, pa mlandu umene linabweretsa bungwe la Centre for Child Law, kuti mwana asakanizidwe sukulu chifukwa chosowa chiphaso chobadwira, pasipoti kapena chilolezo chokhalira m'dziko. Tengani chilichonse chimene muli nacho: khadi ya ku sikelo imene kuno amaitcha Road to Health, kalata ya kuchipatala kumene anabadwira, umboni wa pamene mukukhala, ndi kalata yolumbira ku polisi yofotokoza za mwanayo. Holide ino ndi nthawi yabwinonso yoona ngati katemera wa zaka 6 anabayitsa. Komabe musagone, pitirizani kulondola mapepala ake ku Home Affairs ndi ku ofesi ya kazembe wa Malawi, poti akamakula adzafunika.

Akutiuza kuti tisonkhe ndalama ya "graduation" ya Giredi R ndi phwando la kalasi. N'zokakamiza?

Si lamulo la boma, ndi mwambo wa sukulu. Mwana wosavala gauni amalowa Giredi 1 chimodzimodzi. Ine ndimaona kuti zinafika pena: gauni, chipewa, wojambula, keke, diresi yatsopano, saluni, zonsezi za mwana wa zaka zisanu amene akungofuna kuvula nsapato zomuthina. Ndalama imeneyo ikanagula yunifolomu ya Januwale. Koma ndisanamenso, mwana amene anzake onse avala iye yekha ayi amamva kuwawa, ndipo amakumbukira. Ngati zavuta, muuzeni mphunzitsi pambali nthawi ikadalipo. Pafupifupi kalasi iliyonse imakhala ndi gauni yotsala m'kabati.

Za phwando musadzivutitse. Mbale ya mandasi kapena zitumbuwa imatha msanga kuposa tchipisi za m'sitolo. Ingofunsani kaye ngati muli mwana amene mtedza umamudwalitsa.

Ndi mabuku ati obweza, ndi ati osunga?

Mabuku owerenga a m'kalasi ndi a ku laibulale ndi a sukulu, abwezeni, apo ayi akulipiritsani. Yang'anani pansi pa bedi ndi kuseri kwa sofa. Mabuku olembamo a dipatimenti, amitundumitundu aja amene amabwera awiri pa phunziro chaka chilichonse, ndi a mwana. Musayatsire mbaula. Nthawi zambiri mumatsala masamba osalemba, ndipo ndi ntchito yaulere ya holide. Mupitenso pa bokosi la zotayika sukulu isanatseke. Majuzi amene amatsala mmenemo angaveke mudzi wonse, ndipo n'chifukwa chake timakuchondererani kuti muzilemba dzina pa kolala.

Kodi mphunzitsi timupatse mphatso?

Simukakamizidwa, ndipo siisintha lipoti. Kakalata kolemba mwana yekha ndi dzanja lake n'kokwanira. Ine ndili ndi katoni ya nsapato yodzaza timakalata totere, ndipo chitenje chimene mayi wina wa ku Mangochi anandipatsa ndimayalabe patebulo la m'kalasi.

Mwana akungolira, akuti sakufuna mphunzitsi wina.

Zimachitika, makamaka ku Giredi R ndi Giredi 1. Kwa mwana wa zaka 6, chaka chimodzi ndi gawo lalikulu la moyo wake wonse. Sabata yomaliza timachotsa zithunzi pakhoma, timamatula mayina pa madesiki, kalasi imayamba kumveka phokoso ngati nyumba yosamukamo, ndipo ana amaona zonsezi. Ena amayambanso kukodza pogona, ena amachita ndewu popanda chifukwa. Ine ndimawatenga pa mzere kukaona khomo la Giredi 3, kuti adziwe pokolekera zikwama ndi kumene kuli chimbudzi, kenako aliyense ndimamupatsa tsamba limene analemba mu Januwale kuti aliyerekeze ndi la lero. Amaseka okha: "Aphunzitsi, analemba ndani izi?" Kunyumba musamunyoze kuti akulira zopanda pake, ndiponso musamuopseze kuti mphunzitsi wa chaka chamawa ndi wolusa. Mufunseni chimene adzachisowe, mumvetsere.

Wanga akumaliza Giredi 3. Chisintha n'chiyani?

Zambiri. Ku Giredi 4 maphunziro amachoka pa anayi kufika pa asanu ndi limodzi, polowa sayansi ndi maphunziro a mbiri ndi malo. Mphunzitsi sakhalanso mmodzi tsiku lonse, ndipo palibe amene amakhala pansi kumuphunzitsa malembo. Amayembekezera kuti aziwerenga yekha n'kumva. M'sukulu zambiri zimene ana amayamba ndi isiZulu kapena Sesotho, apa ndi pamene Chingerezi chimayamba kulamulira, monga zimakhalira kwathu ku Sitandade 5. Ngati lipoti la Giredi 3 lili ndi 4 wongokwawa pa chilankhulo, holide ino musaiseweretse.

Tikufuna kumutumiza kwa agogo ake kuti akapitirize sukulu kumudzi. Tichite bwanji?

Tengani lipoti lomaliza ndi kalata ya transifa sukulu isanatseke, chifukwa ofesi ikatsekedwa mudzadikira mpaka Januwale. Kumbukirani kusiyana kwa makalendala kuja. Mwana akafika mu Januwale amapeza anzake atamaliza kale teremu yoyamba, ndiye ahedi a kumeneko ndi amene adzaone kalasi yomuyenera. Chinanso, makalasi oyambirira m'sukulu za boma kwathu amaphunzira m'Chichewa. Mwana wobadwira ku Hillbrow amene amayankha "yebo" agogo akamuitana adzavutika miyezi yoyamba, ndipo anzake adzamuseka. Yambani kumuwerengera Chichewa panopa.

Holide ndi yaitali, ife tili ku ntchito. Azichita chiyani?

Ndi pafupifupi masabata asanu, ndipo ambiri aife amene timagwira ntchito m'nyumba za anthu, m'minda ya maluwa ndi m'malesitilanti Disembala ndiye mwezi wotanganidwa. Yambani ndi chitetezo: ndani akumuyang'anira masana? Ino ndi nyengo ya mvula ya mabingu, mitsinje ngati Jukskei imadzaza mwadzidzidzi, ndipo amene mumapita ndi ana ku ntchito samalani ndi madamu osambira a mabwana. Ngati mwana amadya ku sukulu, kumbukiraninso kuti chakudyacho chimaima nthawi ya holide, ndiye bajeti ya ufa ikwera.

Za maphunziro, sindipempha zambiri. Mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu patsiku, awerenge mokweza wina akumvetsera. Malaibulale a mzinda ali ndi mabuku a ana, ndipo pa foni mungapeze nthano zaulere za Nal'ibali, Book Dash ndi African Storybook, kumene kulinso zina za m'Chichewa. Masamu ali m'khitchini: awerenge mazira, agawe mandasi 12 kwa anthu anayi, akagule buledi pa spaza n'kuwerengera yekha tchenji. Ndipo usiku mumuuze nthano za Kalulu ndi Fisi m'chilankhulo chathu, iye azivomera "tili tonse". Musaope kuti Chichewa chimusokoneza Chingerezi. Mwana amene amatha kufotokoza nthano kuyambira poyamba mpaka pomaliza m'chilankhulo chimodzi savutika kuchita zomwezo m'china.

Mndandanda wa makope, mapensulo ndi zomatira za chaka chamawa umabwera pamodzi ndi lipoti. Ujambuleni pa foni tsiku lomwelo usanasowe, ndipo yunifolomu ndi nsapato muikiretu pa lay-by (kulipira pang'onopang'ono sitolo ikukusungirani) bonasi isanathe. Nsapatozo mugule zokulirapo pang'ono, phazi la mwana wa Giredi 1 silidikira Epulo.